Khomo Lakuseri la Angotuluka

Pamsewu wina wa m'tauni, pakati pa sitolo ya nsapato ndi ya mankhwala, panali malo ochapira ndi kusita zovala. Ukalowa pakhomo la kumsewu unkayamba wagundana ndi kauntala yaitali ya matabwa, yosalala chifukwa cha zigongono za makasitomala. Kuseri kwa kauntalayo kunali mizere ya masuti ndi madiresi olendewera pamahang'ala, kenako matebulo ositira, kenako makina awiri ochapira amene ankagwedeza nyumba yonse akamafinya madzi. Kumapeto kwenikweni kunali kaofesi ka bwana. Fungo la mmenemo linali limodzi chaka chonse: sopo, nthunzi ndi nsalu yotentha.

Bwana wa pamalopo sanabadwe ali bwana. Anafika ali mnyamata wosadziwa ngakhale kupinda malaya, ndipo amene anamugwiritsa simbi koyamba anali mayi wachikulire amene aliyense ankawatchula kuti Azakhali. Iwowa ndi amene anamuphunzitsa kuti kolala imayamba kusitidwa mkati, kuti silika safuna moto wambiri, ndiponso kuti chofiira ndi choyera sizilowa m'madzi amodzi. Masiku amenewo ankamuitana kuti "mwanangu," ndipo akapsereza chovala ankamukoka khutu kenako n'kumugawira chakudya chawo chamasana. Mnyamatayo anakula, anakwatira, anatulutsa kamimba. Pamene eni malowo, mayi wamasiye amene antchito ankawatchula kuti Adona, anayamba kuvutika ndi miyendo n'kusamukira kwa mwana wawo kutsidya kwa tauni, makiyi anawasiya m'manja mwake. Kuyambira tsiku limenelo Azakhali anasiya "mwanangu" n'kuyamba "bwana," ndipo iye sanawaletse.

Ntchito yoyamba imene anagwira atakhala pampando inadabwitsa anthu. Sanagule simbi zatsopano, sanakonzetse denga lodontha. Anaitanitsa mmisiri kuti aboole khoma la kaofesi kake aikepo chitseko. Mmisiriyo anali wa aja osakhoma msomali asanadziwe chifukwa chake.

"Khomo pano, bwana? Likupita kuti?" anafunsa akugogoda khomalo.

"Kunja."

"Kunja kwake kuti? Kuseriku kuli ngalande ndi migolo ya zinyalala basi."

"Ndikufuna mpweya. Muno mumatentha."

"Mpweya umalowera pawindo, bwana. Pakhomo pamadutsa anthu."

"Kodi mwabwera kudzafunsa mafunso kapena kudzagwira ntchito?"

Mmisiri anakanda m'mutu, anatenga hamala ndi tchizulo, n'kuboola. Chitseko chinaikidwa chabwino ndithu, kungoti mahinji ake ankalira kuti kwii aliyense akachikankha.

Kunena zoona, bwanayu sanali munthu woipa mtima. Sankaba, sankatukwana, ndipo wantchito akadwala ankamuuza kuti akapume. Vuto lake linali la khutu: linkakonda zotsekemera zokha. Kasitomala akabwera wokondwa, bwana ankatulukira pakauntala mano onse ali mbee, kulandira zikomo ndi manja awiri, n'kulonjeza zosatheka. "Suti iyi? Mawa lomweli mudzaipeza itayera." Koma pakauntala pakangomveka mawu okwera, wina akuti batani langa lili kuti, kapena diresi langa mwalitani, kumapeto kwa nyumba kunkamveka kwii. Mayi wa pakauntala ankapita kukaitana bwana, n'kupeza mpando ukadali wofunda, tiyi akufukabe nthunzi, munthu kulibe. Ankabwerera n'kunena kuti, "Pepani, bwana angotuluka kumene." Mawu amenewa ananenedwa kambirimbiri mpaka a m'sitolo ya nsapato anawatola n'kuwasandutsa dzina. Msewu wonse unkamudziwa kuti Angotuluka, kupatula mwini wake.

Komatu munthu wokwiya safuna kuyankhula ndi khoma, amafuna nkhope. Mayi wa pakauntala anali ndi lilime lakuthwa ndipo mikangano inkangokula, choncho chizolowezi chinakhazikika chakuti zikavuta aziitana Azakhali, poti imvi zimaziziritsa anthu. Mayiwo ankaimika simbi, kupukuta manja pa epuloni, n'kubwera pang'onopang'ono chifukwa maondo anali atayamba kukana. Ankaima pamenepo kulandira mawu a batani limene sanalione, a tsiku limene sanalilonjeze, n'kumangoti pepani, tikonza.

Adona ankabwera mwa apo ndi apo kudzaona malo awo, ndipo madandaulo ena ankawafika kunyumba pafoni. Tsiku lina anakhala m'kaofesi muja, ndodo ili pakati pa miyendo, n'kufunsa kuti, "Kodi chikuchitika n'chiyani? Anthu akudandaula, ndipo aliyense akuti anayankhula ndi Azakhali."

Apa m'pamene bwana akanati vuto ndine, ndimalonjeza mopitirira, ndimathamangitsa ntchito. Koma lilime nalonso lili ndi khomo lakuseri. "Ndi ukalamba, Adona," anatero akuyang'ana patebulo. "Maso awo ayamba kuchita chidima."

Adona anapumira m'mwamba. "Zomvetsa chisoni. Tachoka nawo kutali mayi amenewa. Koma malonda si chibale. Pakachitikanso china chachikulu, tiwapumitsa."

Bwana anadziwa bwino tanthauzo la kupumitsa kumeneko. Kunyumba kwa Azakhali kunali amuna awo, amene anali chigonere atafa ziwalo mbali imodzi, ndipo chilichonse cha pakhomopo, kuyambira mankhwala mpaka sopo, chinkachokera pa simbi ija. Mtima unamupweteka ndithu, koma anadzitonthoza kuti chachikulu sichingachitike, ndipo akangosamala nkhaniyo ifera pomwepo.

Kuima pakati pa migolo ya zinyalala n'kotopetsa, ndipo munthu wopanda chochita amayamba kudzifunsa mafunso. Masana ena atatuluka mwachizolowezi, akuingitsa ntchentche, funso linamugwira: kodi ndikachoka chonchi, mkatimo amanena chiyani? Anayesa kulitaya koma linamukakamira. Anatsata khoma, analumpha ngalande, mpaka anafika pakawindo kakang'ono ka mawaya kamene kanali pafupi ndi kauntala, kobisika ndi mzere wa majekete. Anaika khutu.

Mkatimo munali bambo wina amene bwana anamulonjeza suti Lachiwiri, ndipo tsikulo linali Lachinayi. "Kodi Angotuluka aja lero alipo," anafunsa bamboyo, "kapena angotulukanso?"

Bwana anayang'ana uku ndi uku kuti akunena ndani. Kenako anamva mayi wa pakauntala akuseka chamumtima, n'kuzindikira kuti dzinalo linali lake. Thukuta linamutuluka m'mphuno.

Azakhali anapepesa, bamboyo anakalipa mpaka kukhosi kutayera, n'kumapita. Atachoka, kunamveka mawu a Thovu, mnyamata wamkulu woyendetsa makina, amene anapatsidwa dzinali chifukwa nthawi zonse mikono yake inkakhala ndi sopo.

"Azakhali, mudzatukwanidwa mpaka liti? Bwanji osangowauza Adona zoona?"

"Mwana amene unamugwiritsa simbi ndi manja ako sumuneneza," anayankha mayiwo. "Musiyeni, adzakula."

"Akulanso liti, ndi chimimba chonse chija?"

Nyumba yonse inafa ndi phwete. Bwana anabwerera pang'onopang'ono, manyazi atamugwira mpaka kumapazi, akulumbira kuti kuyambira mawa zinthu zisintha. Ndipo mawa lake chinthu chimodzi chinasinthadi: anagula kabotolo ka mafuta n'kuthira m'mahinji a chitseko chija kuti chisiye kulira.

Kawindo kaja kanasanduka wailesi yake. Mlandu uliwonse ankaumvera pamenepo, nthawi zina n'kumagwedeza mutu kuti apa Azakhali ayankha bwino, ngati munthu woonerera mpira amene sanaukankhepo. Koma posakhalitsa chinthu china chinayamba kumuzunguza. M'kanjira kakuseri kaja, mmene ankaganiza kuti mumadutsa iye yekha ndi amphaka, anayamba kuona zachilendo. Lero phazi la jombo lonyowa ndi sopo, mawa kachipini ka m'tsitsi pafupi ndi mgolo, mkuja chitseko chosatsekedwa bwino pamene iye anachisiya chotseka. Anawerama n'kuyeza phazilo ndi lake, silinafanane. Funsoli analitengera mpaka kunyumba.

"Mayi, pali munthu akudutsa pakhomo langa lija," anauza mkazi wake akuvula nsapato.

Mkaziyo, amene nkhani ya dzina lija anaimva kalekale kumsika koma anaisunga, sanasiye kusenda mbatata. "Inu abambo, mwalambula njira, ndiye mukudabwa kuti anthu akuyendamo?"

"Koma ndi la ine ndekha."

"Ana amadya chimene aona make akudya. Sambani, madzi akuzizira."

Sanamvetse, kapena tinene kuti sanafune kumvetsa. Anaganiza zogula loko, koma anaona kuti loko angamuchedwetse pa tsiku la mavuto, ndiye anazisiya.

Tsiku la mavutolo linali Lachisanu. Pamalopo panali mikanjo yoyera ya amayi a kwaya ya kutchalitchi china, imene inkafunika pa ukwati wa mawa lake, ndipo wokwatiwayo anali mwana wa mkulu wa kwaya yemweyo. Panalinso makatani ofiira atsopano a hotela ina. Zonse ziwiri bwana anazilonjeza yekha, mano ali mbee, kuti zituluka Lachisanu masana. Makina amodzi anali atafa kwa sabata zingapo osakonzedwa, ndipo m'mawa umenewo kunamveka kuti magetsi azima dzuwa likafika pamutu. Nthawi inali yokwana kuchapa kamodzi kokha.

"Ika zonse pamodzi," bwana anauza Thovu.

Thovu anaima, katani ili m'manja. "Bwana, makataniwa ndi atsopano. Asuluka."

"Thira madzi ozizira, sasuluka."

"Nanga tikanawaimbira a hotela kuti adikire Lolemba?"

Kuimba foni imeneyo kukanatanthauza kumva mawu okwera m'khutu lake lomwe, kopanda wina wom'tchinjiriza. Bwana anaumitsa nkhope. "Bwana ndani pano? Ika zonse. Ndanena ine."

Kutebulo lawo Azakhali anatukula mutu n'kumuyang'ana, koma iye anatembenuka n'kulowa mu ofesi. Lamulo la chofiira ndi choyera ankalidziwa kuyambira ali mnyamata. Anangosankha kukhulupirira kuti tsiku limenelo madzi amukomera mtima.

Makina ataima, Thovu anatsegula chivundikiro. Mikanjo ija inali ngati mkati mwa chivwende, ina yofiira kwambiri m'mapewa, ina yamizeremizere. Anaiviika m'mankhwala oyeretsera, koma m'malo moyera inangochita mathothomathotho. Magetsi anazima monga ananenera. Antchito anaipachika pamahang'ala mwakachetechete, ndipo panalibe amene ankayang'ana mnzake.

Chakumasana kunamveka kuseka ndi kung'ung'udza nyimbo pamsewu. Anali amayi a kwaya, akuchokera kokonzekera nyimbo, abwera onse kuti aliyense atenge mkanjo wake. Nyimboyo inaduka pakati. Kenako liwu la mkulu wa kwaya linang'amba nyumba: "Mayo ine! Mwatitani?"

Miyendo ya bwana sinadikire kuuzidwa. Chitseko chothiridwa mafuta chinatseguka mosalira, iye n'kutulukira m'kanjira muja. Koma ulendo uno sanapezemo amphaka. Pafupi ndi migolo panaima Thovu, jombo zake zikudontha sopo. Pambali pake panali mayi wa pakauntala, akukonza kachipini m'tsitsi. Kumbuyo kwawo kunali ositira ena onse, ataunjikana ngati nkhuku pamvula. Anali atadutsa kumbuyo kwa mpando wake mmodzimmodzi pamene iye anapita kuchimbudzi kukasamba kumaso. Funso la mapazi lija linayankhidwa lonse nthawi imodzi.

"Mukutani kuno?" ananong'ona.

Thovu anayankha mwaulemu wonse, manja ali kumbuyo. "Nafenso tangotuluka, bwana."

Panalibe amene anaseka. Bwana anayang'ana nkhope imodzi ndi imodzi, n'kuona kuti pakusowa imodzi. "Mkatimo mwatsala ndani?"

"Azakhali," anatero mayi wa pakauntala akuyang'ana pansi. "Maondo aja. Komanso anati iwo sadziwa kuthawa."

Make mbuu, mwana mbuu. Bwana anafuna kuwakalipira kuti bwererani kuntchito, koma analeka, chifukwa munthu sungathamangitse anzako pamalo pamene iwenso wabisala. Anatsata khoma, analumpha ngalande, n'kukaima pawailesi yake ija.

Mkatimo munali moto. Amayi onse ankayankhula nthawi imodzi, ndipo pakati pawo panaima Azakhali okha, manja atawagwirizitsa pa epuloni. Mayi wina anali ataimbira kale Adona, poti ankapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Bwana anaima pamenepo nthawi yaitali, miyendo mpaka kuchita dzanzi, akudziuza kuti alowa mkwiyo ukatsika pang'ono. Mkwiyo usanatsike, galimoto inaima pamsewu, ndipo kunamveka ndodo ikugunda simenti.

Adona anayang'ana mikanjo ija. Kenako anafunsa, "Bwana ali kuti?"

Amayi a kwaya anayankha pamodzi, ena mokweza ena motsitsa, monga anthu ozolowera kuimba limodzi: "Angotuluka!"

"Nanga antchito ena?"

"Angotulukanso!"

Adona anatembenukira kwa Azakhali. "Ndiuzeni inu. Ndani anasakaniza zovalazi?"

Bwana anagwira mawaya a pawindo. Ankadziwa kuti liwu limodzi la mayiwo likwanira kumugwetsa, ndipo mbali ina ya mtima wake inkalakalaka kuti alinene, zithe. Azakhali anayang'ana mikanjo.

"Ndine, Adona," anatero motsitsa. "Ndi maso anga aja amene munauzidwa kuti achita chidima."

Mawuwo anamulasa bwana pamtima. Azakhali sankakhudza n'komwe makina ochapira, ntchito yawo inali simbi. Koma chimene chinamupweteka koposa chinali china: ndiye kuti ankadziwa. Bodza limene ananena atatseka chitseko linawafika kalekale, ndipo masiku onsewo ankamupatsa moni m'mawa uliwonse, "Mwadzuka bwanji, bwana," osasintha nkhope.

"Ndinanena kale," anatero Adona, mawu awo ali olemera. "Pepani, Azakhali. Vulani epuloni."

Kudzera pakati pa majekete, bwana anaona mayiwo akupititsa manja kumbuyo kuti amasule mfundo ya epuloni. Zala zinalimbana nayo, mfundo inkakana. Zinali zala zomwe zija zimene zinagwira dzanja lake pa simbi tsiku loyamba kuti asapse. Atacheuka, anapeza kuti antchito onse amutsatira mpaka pangalande, ndipo sankayang'ana pawindo. Ankayang'ana iye.

Khomo lakuseri linali pafupi, koma limenelo linali lozolowera kutulutsa. Bwana anazungulira nyumba, anadutsa pamaso pa a m'sitolo ya nsapato amene anali atatuluka kudzaonerera, n'kulowera pakhomo la kumsewu monga amalowera kasitomala aliyense. Anadzipanikiza pakati pa amayi aja mpaka anafika pakauntala.

"Musavule, Azakhali," anatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndiye anakhosomola n'kubwereza. "Musavule. Adona, amayi nonse, amene analamula kuti zovalazi zilowe pamodzi ndine. Thovu anandichenjeza, ine ndinakana. Mayi awa sanakhudze chilichonse. Za maso zija ndinanama, maso awo alibe vuto. Madandaulo onse aja anali anga."

Mukanaganiza kuti munthu akaulula chonchi anthu amamuombera m'manja. Ayi ndithu. Amayi aja anangopeza nkhope imene ankaifuna, ndipo anaigwiritsa ntchito. Mkulu wa kwaya anayamba, misozi ili m'maso, kumufunsa ngati iye ali ndi mwana wamkazi, ngati akudziwa kuti nsalu ya mikanjoyo amayiwo anaisonkhera movutika motani, ngati akufuna kuti mawa amayiwo akaime patsogolo pa akuchimuna atavala zivwende. Atatopa, analandira wina. Wina anakumbutsa za diresi lake la chaka chatha. Wina analibe mlandu naye koma anati sangabwere ulendo wonsewo osanenapo kanthu. Bwana anaima chilili, makutu akutentha, akungoti, "N'zoona, mayi. Ndalakwa ndine."

Ali chiimire choncho anazindikira chinthu chimene sakanachiphunzira pawindo: mkwiyo wa munthu uli ndi pothera. Ukapeza mwini mlandu ataima osathawa, umayaka, umalilima, kenako umayamba kusowa nkhuni. Mawu anayamba kutsika. Mayi wina anati mchemwali wake amaimba kwaya ya tchalitchi cha kuseri kwa msika, ndipo kumeneko ali ndi mikanjo yoyera imene mwina angabwereke. Mkulu wa kwaya anapukuta m'maso n'kuloza bwana ndi chala. "Akapemphe ndi iyeyu. Ndi pakamwa pake, ndi miyendo yake."

"Ndipita, mayi," anatero.

Amayi atachoka, Adona analowa m'kaofesi n'kukhala pampando wa bwana. Anakankha chitseko chakuseri ndi ndodo, n'kusuzumira kanjira, migolo, ndi antchito awo amene anali adakali ndandanda pangalande. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza yankho la chinthu chimene chinamuvuta nthawi yaitali.

"Ndinkadabwa," anatero. "Ndinkati kodi chitseko choyang'ana zinyalala n'cha chiyani. Lowani inu, kagwireni ntchito. Mudutse pomwe munatulukira."

Antchito anadutsa mmodzimmodzi atazolika. Bwana anatulutsa makiyi m'thumba n'kuwaika patebulo ndi manja awiri.

"Adona, ubwana wandikanika. Ndibwezereni ku simbi. Kumeneko n'kumene ndimatha."

Mumtima ankaona kuti wanena mawu aulemu, a munthu wodzichepetsa. Adona anayang'ana makiyiwo, kenako anamuyang'ana iye, n'kuwakankhira kwa iye ndi chala chimodzi.

"Iwe ndi wochenjera. Ndisanatseke khomo ili, waboola kale lina. Ukufuna ukabisale kuseri kwa nthunzi, mlanduwu usenze wina? Tenga makiyi ako. Lero ukabwereka mikanjo. Sabata yamawa tisoketsa yatsopano, ndipo telala akamakayeza amayi aja, iwe uzikamugwirira tepi, umve zonse zimene anaiwala kunena lero. Tebulo ili lichoke muno, likakhale pambali pa kauntala, pamene aliyense wolowa aziyamba kuona iwe. Wa hotela uja ukamuimbire wekha. Ndipo usanachite zonsezi, pali munthu amene sunamupepese."

Bwana anapeza Azakhali atakhala pampando pafupi ndi tebulo lawo, akusisita maondo, epuloni ikadali m'chiuno. Anagwada pasimenti yonyowa, pamaso pa antchito onse, buluku la suti likumwa madzi a sopo. 

"Dzukani, bwana, mudetsa buluku," anatero mayiwo. "Likada lidzabwera kwa ine ndemwe kuti ndilisite."

"Munadziwa liti za maso zija?"

"Adona ananditumizira mankhwala odontheza m'maso. Ndinadabwa kuti ndadwala liti ine."

"Bwanji simunanene?"

"Ndinkafuna ndione ngati unena wekha." Anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo m'maso mwawo munalibe chidima ngakhale pang'ono. "Unatsala pang'ono kuchedwa."

Ukwati unachitika ndi mikanjo yobwereka, ina yaifupi ina yaitali, ndipo bwana anaisenza yekha popita ndi pobweza. Sabata yotsatira anayenda ndi telala khomo ndi khomo, ndipo Adona sananame: amayi aja analidi ndi zambiri zimene anaiwala kunena. Wa hotela anamukalipira pafoni mpaka khutu linatentha. Makasitomala ena sanabwerenso. Dzina lija nalonso silinachoke, poti dzina la pamsewu silichapika, ndipo mpaka lero a m'sitolo ya nsapato amamupatsa moni kuti, "Mwaswera bwanji a Angotuluka, muli momwemo?"

Mmisiri uja anaitanidwanso, ulendo uno ndi njerwa ndi simenti. Anazula chitseko, anayang'ana mahinji onona ndi mafuta, n'kufunsa, "Mpweya uja wakwana, bwana?"

"Wakwana. Mangani."

Simenti isanaume bwino, masana ena pakhomo la kumsewu panalowa bambo wamtali atanyamula malaya m'mwamba ngati mbendera, nkhope ili gwaa, akufuula asanafike n'komwe pakauntala. Bwana anali patebulo lake latsopano. Miyendo inamuyabwa, maso anathamangira okha kumapeto kwa nyumba, n'kukagunda njerwa. Mayi wa pakauntala anamuyang'ana. Thovu anasuzumira kuchokera kumakina. Ndipo kuchokera kutebulo lositira, pakati pa nthunzi, kunabwera mawu amene anali asanawamve kuyambira tsiku limene analandira makiyi.

"Imirira, mwanangu. Akufuna iweyo."

Anaimirira, anakoka jekete, n'kunena kuti, "Bwana wa pano ndine, bambo. Chavuta n'chiyani?"

Azakhali anabwezera simbi pakolala imene ankasita n'kupitiriza ntchito yawo. Akuluakulu sananame pamene anati mutu ukakula sulewa nkhonya.